Makoswe a Angay

A Dechen anditumizira uthenga kuti Loweruka lino ndipite kunyumba kwawo ku Skerries, kunja kwa Dublin. Akuti patha chaka chimwalirire mayi awo, ndiye kubwera ansembe awo kudzawerenga mapemphero, ndipo kukhala chakudya. Bambo a Takondwa akuti ndipite, anthu angatinene. Ine ndawayankha kuti mwana ali ndi chimfine. Chimfinecho alidi nacho, koma si chimene chikundiletsa. Sindikufuna kukakhala pa mpando wa a Dechen, kumwa tiyi wothira mchere ndi batala, n'kumamva anthu akutamanda malemu kuti sanaphepo ngakhale nyerere. Ine ndinakhala nawo nyumba imodzi. Ndikudziwa zimene ndinkakolopa, ndipo ndikudziwa chimene anapha.

Tonse tinkawatchula kuti Angay. Masiku oyamba ndinkayesa kuti dzina lawo ndi Ngai, ndipo "a" wakutsogoloyo ndi waulemu monga timachitira kwathu. Ndinkadabwa kuti anthu ochokera kutali chotero, ku Bhutan, dziko lamapiri pakati pa India ndi China, amadziwa kulemekeza dzina ngati ife. Patapita miyezi ndi pamene mwana wawo, a Dechen aja, anandiuza kuti liwulo m'chinenero chawo limangotanthauza agogo aakazi.

Nyumba yake ndi ino ya ku Drumcondra, yakale, yanjerwa zofiira, ndipo kuseri kwake kumadutsa ngalande yamadzi obiriwira. Lendi inali m'dzina la a Dechen, amene ndi namwino pachipatala chachikulu. Ife anatipatsa chipinda chapansi chakumbuyo, pafupi ndi khitchini, mwini nyumba osadziwa. Amene amakhala mu Dublin akudziwa kuti ukapeza chipinda sufunsa zambiri. Ndinabwera ndili ndi pakati, kutsatira amuna anga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Masana onse anthu asukulu ankapita ku ntchito, m'nyumba n'kutsala ife awiri osatha Chingerezi, ine ndi Angay. Kenako tinakhala atatu ndi Takondwa.

Angay anali munthu wamfupi, wamapewa aakulu, tsitsi lometa ngati mwamuna. Ankavala nsalu yaitali yofika kumapazi, yokolekedwa m'mapewa ndi tizitsulo tasiliva, n'kumanga lamba wothina m'chiuno. Pamwamba pa lambapo nsaluyo inkapanga thumba, ndipo m'thumba limenelo munkalowa chilichonse: kolona yawo yamikanda, buledi wotsala, masokosi, ndi kachikho kamtengo komwera tiyi. Kachikhoko sikanaonepo sopo. Akamwa ankakanyambita mkati monse, n'kukapukuta ndi nsonga ya nsalu, n'kukabwezera pachifuwa.

Koma chimene chinandivuta kuyambira tsiku loyamba ndi pakamwa pawo. Ankatafuna chinthu chotchedwa doma, kamtedza kolimba kokulunga m'tsamba pamodzi ndi laimu woyera. Chimafiiritsa malovu ngati magazi, ndipo fungo lake ndi la khola la nkhumba mvula itagwa. Mano awo anali ofiira mpaka kuda. Malovuwo ankalavulira m'chigubu cha yogati, ndipo malo a chigubucho anali pazenera la kukhitchini, pomwe ine ndinkayanika mabotolo a mwana. Ndikachisuntha, chinkabwerera. Tsiku lina ndinachigunda ndi chigongono chili chodzaza, n'kunditayikira m'phazi, malovu ofunda a tsiku lonse. Ndinasanza mu sinki. Iwo anaseka mpaka misozi, kenako anapisa m'thumba muja n'kundipatsa doma ndi manja awiri. Kwawo akuti kupatsana doma ndi ulemu waukulu, ndipo kukana ndi mwano. Ndinalandira, n'kukataya m'chimbudzi.

Nyama ankadya, osati pang'ono. Ankadula nkhumba m'timizere n'kuyanika pamwamba pa hita ya m'kanjira ka m'nyumba, mafuta n'kumadontha pakapeti. Ukamadutsa unkachita kuwerama kuti isakukhudze kumaso. Koma munthu yemweyo akaona kangaude m'bafa ankamutola ndi dzanja kukamusiya panja, akung'ung'udza pemphero. Ndinafunsa a Dechen kuti zimenezi zikugwirizana bwanji. Anati mayi awo amanena kuti tchimo ndi la amene wagwira mpeni, osati la wogula, ndipo kwawo nyama yambiri imaphedwa ndi anthu akunja, iwo amangoilandira itafa kale. Ndinangoti, chabwino. Ndine munthu wamanyazi, mawu ambiri amandithera pakhosi.

Makoswe anayamba m'nyengo yozizira imene Takondwa anabadwa. Poyamba tinali timakoswe tating'ono. Ndinkapeza zitosi mu mpunga, m'supuni, mpaka m'dirowa ya zovala za mwana. Bambo a Takondwa anagula misampha yachitsulo n'kutchera kuseri kwa firiji ndi pansi pa sinki. Poizoni ndinakana, chifukwa mwana sachedwa kukwawa. M'mawa uliwonse misampha yonse inkapezeka yofwamphuka, nyambo itadyedwa, khoswe ayi.

"Makoswe a kuno ndi ophunzira, mayi," anatero bambo ake. "Ali ndi madigiri."

Sanali madigiri. Ndinawapeza Angay atagwada pansi pa sinki, akufwamphula misampha umodzi umodzi ndi chogwirira cha supuni. Atamaliza anatapa mpunga wophika n'kuuika pakona, ngati mmene umaikira chakudya cha mphaka. Atandiona sanachite manyazi. Anandigwedezera chala ngati ine ndine wagwidwa.

Panalinso timikate tawo ta mapemphero. Pa masiku awo oyera ankaumba ufa ndi batala, tosongoka pamwamba, n'kutiika pa shelefu ya m'chipinda chawo pamene panali chifanizo cha Buddha, nyali za batala ndi timbale ta madzi. Mapemphero akatha ankatitulutsa n'kutisiya pakhomo lakumbuyo, akuti tidyedwe ndi mbalame ndi mizimu yanjala. Mizimu yanjalayo inabweradi, yochokera ku ngalande, yamichira italiitali.

Madzulo ena ndinalimba mtima n'kuuza a Dechen kuti afunse mayi awo chifukwa chake akudyetsa makoswe m'nyumba muli khanda. Angay anayankha nthawi yaitali, modekha, akundisisita mkono. A Dechen anamasulira kuti munthu amabadwa kambirimbiri, nthawi zina ngati munthu, nthawi zina ngati nyama, moti palibe chamoyo chimene sichinakhalepo mayi wako pa moyo wina. Khoswe ali pansi pa sinkiyo, akuti, akhoza kukhala mayi anga.

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Anagona kumanda a mpingo ku Ntcheu, anawaveka yunifolomu ya amayi a Chikatolika, ndipo ndinawasambitsa nawo ndi manja angawa. Ndinalowa kuchipinda n'kulira ndi mkwiyo.

"Sananene mwachipongwe," anatero bambo a Takondwa.

"Akanena za mayi anu mudzandiuze ngati si chipongwe."

"Mayi anga akanakhala khoswe bwenzi nyumba ino atailanda kale."

Amuna anga ndi otero, chilichonse amachisandutsa nthabwala, ndipo nthabwala zawozo ndi zimene zinaonjezera vuto. Mu Febuluwale anthu a ku Bhutan amakhala ndi chaka chawo chatsopano, amachitcha Losar. Ndi nthawi yokhayo imene ndinaona Angay akusesa nyumba yonse mpaka kudenga. Anakazinga timabisiketi topotana, anaphika phala la mpunga la nyama, ndipo anatiitana kudzadya nawo. Zinali bwino, mpaka bambo a Takondwa, atamwa pang'ono, anayamba kusimba m'Chingerezi kuti kwathu mbewa ndi ndiwo, anyamata amazigulitsa m'mbali mwa msewu zitapanidwa pa kamtengo. M'Chingerezi chawocho sanasiyanitse mbewa ndi khoswe. A Dechen anamasulira akuseka. Angay sanaseke. Anaika kachikho kawo pansi n'kutiyang'ana ine ndi amuna anga, kenako anayang'ana kumene kunali misampha.

Kuyambira tsiku limenelo, tikangotchera msampha, pakhomo pa chipinda chathu pankapezeka mbale. Mpunga wofiira, tsabola wophika ndi tchizi, nthawi zina nkhumba yowuma ija. Ndinkayesa kukoma mtima chabe. Patapita milungu ndi pamene a Dechen anaulula, akubisa kumwetulira. Kwawo pali mwambo woombola nyama imene ikukaphedwa: umalipira mwini wake, nyamayo n'kumasulidwa kuti idzafe yokha ndi ukalamba. Angay ankaombola makoswe. Ankakhulupirira kuti ife timatchera misampha chifukwa cha nkhuli, ndiye akatikhutitsa tiwasiya.

"Tcherani yambiri, mayi a Tako," anatero bambo ake, pakamwa podzaza. "Mwina mawa kubwera nkhuku."

Ine chakudyacho chinandikanika kumeza. Mbewa ndi nyama ya m'munda, imadya mbewu ndi mizu, timaikumba tikakolola. Khoswe ndi wa m'chimbudzi. Palibe munthu wa kwathu, ngakhale chaka cha njala yotani, amene angadye khoswe wa m'nyumba. Ndinayesa kuwafotokozera ndi manja: munda, khasu, utsi, una. Kenako ndinaloza pansi pa sinki n'kuchita ngati ndikulavula. Anandiyang'ana mwachifundo, n'kundigwira tsaya ndi dzanja lonunkha doma. Mawa lake mbale inabwera yodzaza kuposa kale. Mpaka kumwalira kwawo, ndikukhulupirira, ankanditenga ngati mtsikana wosauka wodya makoswe.

Anayesanso kundiphunzitsa. Masana ena anandikoka mkono n'kundikhazika pabedi pawo, n'kundionetsa pa foni chikondwerero cha kumudzi kwawo chotchedwa tshechu. Chimachitika chaka ndi chaka pabwalo la kachisi, anthu atavala zovala zawo zabwino koposa, atakhala pansi ndi zakudya zawo. Ovina amavala zigoba kumaso, za ng'ombe, za nguluwe, za mbalame, za chigaza cha munthu, n'kumazungulira pang'onopang'ono, ng'oma ndi malipenga aatali zikulira. Ndinangoti mumtima, uyu ndi gule, yemwe uja mayi anga ankatiletsa kuonera. Kusiyana kwake n'kwakuti kwawo ovina ambiri ndi ansembe amene. Ndinafuna kudzuka, koma anandigwira bondo.

Gule amene ankafuna kuti ndione anali wa mlandu wa akufa. Pakati pamakhala mfumu ya imfa, yaikulu, yankhope yofiira, itagwira kalilole woonetsa zonse zimene munthu anachita. Amabweretsa mlenje amene wangomwalira. Kumbali ina mzimu woyera umaika timiyala toyera pa sikelo, ta zabwino zake. Kumbali inayo chiwanda chakuda chimakhuthula timiyala takuda, ta nyama zonse zimene anapha. Takuda timalemera, mlenje amayesa kuthawira m'gulu la anthu, ana n'kumakuwa, koma amamugwira n'kumukokera pa nsalu yakuda. Angay ankadziwa kuponda kulikonse kwa gule ameneyu. Anandiuza pambuyo pake, kudzera mwa a Dechen, kuti anayamba kumuonera ali kumsana kwa mayi awo, ndipo anthu amaonera kuti tsiku lakufa akadzakumana ndi nkhope zimenezo adzazizindikire, asadzathawe. Koma masana amenewo sanafune womasulira. Analoza mlenje pa foni, kenako analoza nsapato za amuna anga pakhomo.

Pofika mu Meyi timakoswe tating'ono tija tinali titasowa, chifukwa kunali kutabwera wamkulu. Ndinamuona koyamba ali pamwamba pa bini, masana, osathawa. Mchira wake unali wodukira pakati. Msampha wathu umodzi ndi umene unaudula, Angay asanafike kudzaufwamphula. Iwo anamugwira kawiri ndi ndowa ndi chivindikiro, n'kumunyamula mpaka ku ngalande, akumuimbira mapemphero njira yonse. Kawiri konseko anabwerera. Akanalekeranji, pamene panali pakhomo pomuikira chakudya?

Ndinawadikira a Dechen pa masitepe akuchokera ku ntchito. Ndinali nditakonzekera mawu anga a Chingerezi tsiku lonse. Ndinati tiuze mwini nyumba atumize anthu amankhwala.

"Mwini nyumba akabwera awerenga mabedi, Esinati," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna kukagona kuti ndi mwana?"

Ndinati nanga titani.

Anayang'ana chitseko cha mayi awo, n'kundiyandikira. "Inu ndinu Akhristu, kwa inu si tchimo. Chitani pamene mayi sakuona. Ine musandiuze, sindifuna kudziwa. Koma mwezi uno ayi, ndi mwezi woyera. Dikirani uthe."

Ndinayang'ana manja awo. Anali oyera, zikhadabo zowenga bwino, akununkhira sopo wa kuchipatala. Chigubu cha mayi awo chinkandinyansa, koma tsiku limenelo ndinaona kuti pali zinthu zonyansa zimene sizinunkha. Ankafuna khosweyo afe monga ndinkafunira ine. Ankangofuna kuti kamwala kakuda kagwere pa sikelo ya wina.

Mwezi woyerawo ndi wachinayi pa kalendala yawo. Akuti m'mwezi umenewo Buddha anabadwa, anapeza nzeru zake, ndiponso anamwalira, ndipo tsiku limene mwezi uli wathunthu chilichonse chimene munthu wachita, chabwino kapena choipa, chimachulukitsidwa kosawerengeka. Nkhumba ija inachoka pa hita. Tsiku lalikululo linafika mu Juni, kunja kukutentha. Angay anasamba, anavala nsalu yawo yasilika imene inkakhala m'sutikesi, anayatsa nyali zonse. A Dechen anandiuza popita ku ntchito kuti mayi awo alumbira malumbiro a tsikulo, ndipo loyamba ndi losachotsa moyo wa chinthu chilichonse. Ngakhale doma sanatafune. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona milomo ili yoyera.

Masana ndinamuyamwitsa Takondwa n'kumugoneka m'kabedi kake. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinatuluka kuseri kukayanika zovala, chitseko cha chipinda n'kuchisiya chotsekula pang'ono kuti ndimumve. Ndinamumvadi. Sikunali kulira kwa njala kapena kwa thewera. Ndinaponya beseni pansi.

Angay, ndi maondo awo otupa aja, anafika ine ndisanafike. Ndinawapeza ataima pa kabedi, khoswe ali m'dzanja lawo, atamufinya pakhosi, kamchira kodukako kakukwapula mkono wawo. Khutu la mwana wanga linali magazi okhaokha, mpaka pa pilo. Ndinamunyamula. Khosweyo anali atapinda mutu n'kulowetsa mano m'chala chachikulu cha Angay, koma iwo sanamutaye. Anatuluka naye, kudutsa kukhitchini, ine pambuyo ndi mwana akukuwa paphewa.

Pakhomo lakumbuyo panali ndowa ija ndi chivindikiro chake. Anaima n'kuiyang'ana.

Sindinakalipirepo munthu wamkulu chibadwire, koma tsiku limenelo ndinakuwa, m'Chichewa, chifukwa Chingerezi chonse chinali chitathawa. "Mukamutayenso ku ngalande? Abwerenso adzamalize? Ndipatseni kuno ndimuphe ine!" Ndinatambasula dzanja.

Anamva zonse popanda womasulira. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana khutu la mwana. Akanandipatsa, zikanatha monga ankafunira a Dechen: wakupha ndine, iwo oyera. Koma anapukusa mutu. Anadzimenya pachifuwa ndi dzanja linalo, n'kunena liwu limodzi mwa mawu ochepa a Chingerezi amene ankadziwa, lotanthauza kuti wanga.

Anagwada pa sitepe ya simenti, mu silika muja, n'kumumenyetsa pansi. Sankadziwa kupha. Kamnyamata kalikonse ka kwathu kakanamaliza kamodzi. Iwo anamenyetsa, khoswe n'kulira ngati khanda, anamenyetsanso, n'kumenyetsanso, magazi a khoswe ndi a chala chawo akuwazikira pa nsalu ndi pa zovala za mwana zimene ndinagwetsa. Sindinaonepo chinthu chonyansa chotero, ndipo sindinathe kuyang'ana kumbali. Atasiya kuphupha, anamukweza pafupi ndi pakamwa pawo, n'kumunong'oneza pemphero m'khutu, n'kumuuzira mpweya. Pamene ndinkatuluka kuthamangira ku chipatala cha ana, anali akumukulunga m'kansalu koyera ka pa shelefu ya mapemphero.

Takondwa anamusoka khutu n'kumubaya jakisoni. Anatifunsa mafunso ambiri okhudza kumene timakhala, ndipo anayankha ndi bambo ake, ine ndikuopa kuti atilanda mwana. Sanatilande. Khutulo linapola, koma m'mphepete mwake munatsala kamphako, ndipo ndimakaona m'mawa uliwonse pomupesa.

A Dechen atamva, mkwiyo wawo unagwera ine. "Munawalekereranji? Pa tsiku ngati limeneli! Si ndinakuuzani kuti muchite ndinu?" Anafunsa za khutu la mwana pambuyo pake. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni.

Musaganize kuti ndinawakhululukira Angay tsiku lomwelo. Khosweyo anamuweta okha. Kwa miyezi sindinalole kuti amunyamule mwana wanga, ndipo iwo sanapemphe. Anasiya kuika mpunga pakona. Timikate ta mapemphero ankapita nato kutali, kutsidya kwa mlatho. Anayenda chogwada nyumba yonse akutseka mauna ndi waya wotsukira mapoto. Koma msampha sanatcherepo, ndipo akaona wathu ankatembenuza nkhope n'kudutsa.

Chimene anayamba ndi kudzigwetsa pansi. Kwawo munthu wofuna kufafaniza tchimo amaimirira, amagwirizanitsa manja pamutu, pakhosi ndi pachifuwa, kenako amagwada n'kudziwongola chafufumimba, manja akutsetsereka kutsogolo mpaka chipumi chigunde pansi. Akatero amadzuka n'kuyambiranso. Angay ankavala masokosi akale m'manja kuti asasupuke. Chipinda chawo chinali chapansi chakutsogolo, moyang'anana ndi chathu, ndipo tsiku lonse ndinkamva fwaa, kenako kubuula podzuka, kenako fwaa. Nyama anaisiyiratu. Anaonda mpaka tizitsulo ta m'mapewa tinkaoneka tolemera. Doma yekha ndiye anaonjezera, moti chigubu chinkadzaza kawiri patsiku. Nthawi ya tshechu ya kwawo itakwana, a Dechen anawaikira gule uja pa foni kuti asangalale. Angay anadzuka n'kutuluka m'chipindamo.

Tsiku lina ndinawamvera chisoni. Ndinapempha mwamuna wa a Dechen kuti awauze kuti Mulungu sangalange munthu chifukwa chopulumutsa mwana, ndipo kwa ife Akhristu kupha khoswe si kanthu. Anamvetsera akutafuna. Kenako analavula m'chigubu n'kuyankha mwachidule. Mkamwini wawoyo anazengereza kumasulira. Akuti ananena kuti khosweyo sanali Mkhristu.

Mu Sepitembala ali ndi tsiku lina, la mvula yodalitsika. Amati tsiku limenelo madzi onse a kumwamba ndi oyera, ndipo amatsuka matenda ndi zoipa za chaka chonse. Amasiya ndowa panja usiku kuti zilandire madziwo, m'mawa banja lonse n'kusamba. A Dechen anangonyowetsa zala n'kudzigwira pamutu, n'kuthamangira basi. Angay anatulutsa ndowa zonse za m'nyumba, ija ya khoswe yomwe. Mvula ya ku Dublin siichita kupemphedwa. M'mawa ndinasuzumira pazenera n'kuwaona ataima pa sitepe yomwe ija, atangomanga kansalu kamodzi, akudzithira ndowa imodzi imodzi, madzi ozizira okhala ndi masamba ndi nkhono zopanda chigoba. Nkhonozo ankayamba kuzitola n'kuziika pa khoma. Ndinatuluka ndi thaulo. Milomo yawo inali yabuluu. Analandira thaulolo, n'kupukusa mutu, n'kundionetsa ndi zala ziwiri kuti madzi amachotsa tinthu tating'ono tokha.

Chifuwa chinayamba sabata yomweyo ndipo sichinawasiye. Ankadzigwetsabe pansi, akukhosomola. Takondwa anali atayamba kuyenda, ndipo ndikangotembenuka ankathawira kuchipinda kwawo n'kukaima pakhomo, chala m'kamwa, kuwaonerera. Poyamba ndinkamukoka. Kenako ndinatopa, ndinkangoima kumbuyo kwake. Angay anamwalira kuchipatala mu Febuluwale, Losar itatsala pang'ono. Sindinapite kukawaona, ana saloledwa ku wodi imeneyo. A Dechen anati masiku omaliza ankafunsa ansembe funso limodzi lokha, ngati mwala umodzi waukulu ungalemere kuposa ting'onoting'ono ta moyo wonse.

Kwa masabata asanu ndi awiri, monga mwa mwambo wawo, ankawaikira mbale ya chakudya m'chipinda, poti akuti mzimu umakhala usanapeze kobadwira. M'mawa mbaleyo inkapezeka yodyedwa, zitosi m'mbali. Masabatawo atangotha, a Dechen anaitana akampani yopha tizilombo, iwo ndi amuna awo n'kupita kukagona kwa anzawo kuti asaone. Wotsekulira anthuwo chitseko ndinali ine. Makoswe anafera pansi pa matabwa, ndipo nyumba inanunkha mpaka chilimwe. Lero muno mulibe khoswe ngakhale mmodzi. Mwana wanga amagona chitseko chili chotsekula. Ndi zimene ndinkafuna.

A Dechen anasamukira ku Skerries Khirisimasi itatha, lendi n'kutsalira ife. Chipinda chakutsogolo chikudikira mtsikana wina wa ku Zomba amene akubwera kudzaphunzira. Bedi anatenga, chifanizo ndi nyali anatenga. Patsala shelefu, yokhala ndi timizere tozungulira pamene pankakhala timbale ta madzi, ndi mwaye wakuda kudenga pamwamba pake. Ndakwecha khoma kawiri, koma fungo la batala wopserera silichoka. Pansi, pakati pa chipinda, kapeti inaperepeseka mpaka ulusi: mabala awiri ozungulira a maondo, mizere iwiri italiitali ya manja, ndi kadontho kakuda kamafuta kutsogolo, pamene pankagunda chipumi. Mwini nyumba akuti aisintha, koma sanabwerebe.

Chitseko chake ndimatseka, koma Takondwa waphunzira kufikira chogwirira. Ndikamva kuti m'nyumba mwangoti zii, ndimadziwa kumene ali. Ndimamupeza ataika timaondo take m'mabala aja, akudziponya chafufumimba, timanja tikutsetsereka m'mizere imene ndi yaitali kuposa thupi lake lonse, n'kudzuka akuseka, n'kuyambiranso. Ndimamunyamula msanga n'kukamusambitsa m'manja ndi kumaso. Kapeti imeneyo ndi yauve.